Gitala ya Matabwa a Kwathu

Nsambo zisanu ndi imodzi za waya zikakungidwa mpaka gitala kuyamba kulankhula bwino, zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, nthawi zina kuposerapo. Kumeneku ndi kulemera kwa thumba limodzi ndi theka la chimanga, ndipo katunduyu satulidwa: usiku ndi usana, dzinja ndi chilimwe, ali pomwepo. Koma thabwa lapamwamba lija lokhala ndi bowo, lomwe m'nkhani ino tizilitchula kuti nkhope, kuchindikala kwake kumangokhala mamilimita awiri ndi theka kapena atatu. Likachindikala kuposa apa, gitala imalimba koma mawu ake amatsekeka. Likapyapyala kwambiri, imalira mokoma miyezi yochepa, kenako imatupa pamimba n'kung'aluka. Luso la mmisiri wa magitala lagona pakati pa ziwirizi. Dzina la mtengo limabwera pambuyo.

Komabe mukafunsa m'masitolo a zoimbira, adzakutchulirani mitengo yowerengeka yokha. Nkhope ikhale ya spruce wa kumayiko ozizira. Msana ndi nthiti zikhale za rosewood wa ku Brazil kapena ku India. Khosi likhale la mahogany wa ku Central America, ndipo thabwa lodinapo zala likhale la ebony. Mitengo imeneyi ndi yabwinodi, palibe angatsutse. Chimene sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti yambiri mwa iyo inafika m'manja mwa amisiri chifukwa zombo zamalonda zinkaitsitsa m'madoko a ku Ulaya ndi ku America kuti anthu olemera apangire mipando ndi makabati. Wopanga gitala ankatenga zimene zinalipo. Ku Spain, munthu wosauka sankakwanitsa gitala ya rosewood, ndiye amisiri ankamupangira ya cypress, mtengo womera komweko, wotsika mtengo. Oimba flamenco ambiri anali osauka, ndipo anagula zomwezo. Lero gitala yoyera ya cypress, yopepuka, ya mawu akuthwa osachedwa kuzima, ndiyo imene dziko lonse limati gitala yeniyeni ya flamenco.

Munthu amene anaumba gitala ya masiku ano ndi Antonio de Torres, kalipentala wa ku Almería, amene anabadwa mu 1817 n'kumwalira mu 1892. Mu 1862 anapanga gitala yodabwitsa: nkhope anaipanga ya spruce wabwino, koma msana ndi nthiti anazipanga za makatoni. Gitalayo ilipo mpaka lero, ikusungidwa ku Museu de la Música mumzinda wa Barcelona. Ambiri amaimva ngati umboni wakuti mawu a gitala amachokera makamaka kunkhope. Patapita zaka zoposa 130, mu 1995, Bob Taylor wa kampani ya Taylor Guitars ku California anatola mapaleti, matabwa aja oikapo katundu m'nyumba zosungiramo zinthu, n'kupangira msana ndi nthiti za gitala, mabowo a misomali akuoneka. Nkhope anaicheka kuchokera ku thabwa wamba lomangira nyumba. Gitalayo inalira, ndipo inalira bwino.

Wina anganene kuti amenewa anali akatswiri, ndipo katswiri angathe kuimbitsa ngakhale chitseko. Nanga makutu a oimba eni ake akuti chiyani? Mu 2018 ofufuza a ku Lancaster University ku England anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita pamodzi ndi mmisiri Roger Bucknall wa Fylde Guitars. Iye anapanga magitala 6 ofanana m'zonse kupatula mtengo wa msana ndi nthiti: rosewood wa ku Brazil, rosewood wa ku India, mahogany, maple, sapele ndi walnut. Oimba gitala 52 anawaimba m'chipinda cha mdima atavala magalasi akuda a owotcherera zitsulo, kuti maso asanamize makutu. Mmene anawayamikira magitalawo sizinasiyane kwenikweni, ndipo kuzindikira kuti iyi ndi iti kunawavuta. Izi sizikutanthauza kuti thabwa lililonse ndi labwino. Zikungosonyeza kuti mtengo wodula kwambiri suli ndi chinsinsi chimene mitengo ina inamanidwa.

Nkhalango nazo zinayamba kukana. Mu 1992 pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi, lotchedwa CITES, linatseka malonda a rosewood wa ku Brazil wodulidwa kumene. Mu 2009 ndi mu 2011 akuluakulu a boma la America anachita chipikisheni m'mafakitale a kampani yopanga magitala ya Gibson, ndipo mu 2012 kampaniyo inavomera kulipira chindapusa cha madola 300,000 pa nkhani ya ebony wa ku Madagascar. Mu Januwale 2017 mitengo yonse ya mtundu wa Dalbergia, womwe ndi mtundu wa rosewood, inalowa m'kaundula wa CITES, ndipo ngakhale mu 2019 anafewetsa lamuloli pa zoimbira zopangidwa kale, amisiri anali atayamba kale kuyang'ana kuseri kwa nyumba zawo.

Anapeza zambiri. Ku America opanga magitala m'magalaja ndi m'tizipinda ta kunyumba akugwiritsa ntchito walnut, cherry, komanso mitengo imene kale inkangodziwika ngati ya mipanda ya ziweto, monga Osage orange ndi black locust. Persimmon, mtengo wa zipatso umene uli pachibale ndi ebony, amapangira thabwa lodinapo zala. Ku Australia makampani a Maton ndi Cole Clark anakhazikika pa blackwood ndi Queensland maple za komweko. Ku Hawaii kuli koa, ndipo tizoimbira tawo ta ukulele ena amatipanga ndi mango, mango omwewa timadyawa. Ngakhale magitala amagetsi a Leo Fender, amene anayamba kutchuka mu 1950, anali a ash, alder ndi maple, mitengo wamba ya ku America yosavuta kupeza.

Pa magitala onse opangidwira pakhomo, yotchuka kwambiri mwina ndi ya Brian May wa gulu la Queen. Anayamba kuipanga mu 1963 ali mnyamata, pamodzi ndi bambo ake a Harold, chifukwa ndalama zogulira gitala ya m'sitolo panalibe. Khosi analisema kuchokera ku thabwa la mahogany la pamalo owothera moto, lomwe linali litatha zaka zoposa 100 ndipo linali lofumbwa. Mabowo ake anawatseka ndi timitengo ta machesi. Pakati pa thupi anaikapo oak wa tebulo lakale. Timadontho tosonyeza malo pakhosi anatipanga ndi mabatani a mayi ake. Gitala imeneyi ndi imene waimba nayo pafupifupi moyo wake wonse.

Kwathu kuno nkhani yopanga zoimbira pakhomo si yachilendo. Anyamata akhala akupanga mabanjo ndi magitala a zigubu za mafuta, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga. Allan Namoko anatchuka ndi banjo. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni wa nsambo imodzi wodzipangira yekha, wautali kuposa munthu. Yobu Maligwa wa Madalitso Band nayenso amaimba babatoni wopanga pamanja, ndipo iye ndi mnzake Yosefe Kalekeni anachoka m'misewu ya Lilongwe mpaka kukaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. A Malawi Mouse Boys anafika ku chikondwerero cha WOMAD ku England mu 2013 ndi zoimbira zopangidwa ndi zotolatola. Manja alipo, makutu alipo. Chimene chatsalira ndi kulimba mtima kopanga gitala ya matabwa okhaokha, ya bokosi lopindidwa bwino, ndi mitengo imene tikuidziwa mayina.

Mtengo uti, pamalo pati

Gitala si thabwa limodzi. Chiwalo chilichonse chimafuna khalidwe lake, ndipo mmisiri wanzeru amafunsa za khalidwelo, osati za dzina.

Tiyambe ndi mbawa, chifukwa apa pali chinthu chopweteka mtima. Mbawa ndi wa mtundu wa Khaya, ndipo mitengo ya mtundu umenewu ndi imene mafakitale akunja amaigula pa dzina lakuti African mahogany n'kupangira makosi, misana ndi nthiti za magitala ambirimbiri. Gitala imene mwagula modula m'tauni mwina ili ndi m'bale wake wa mtengo womwe agogo anu anapangira chitseko. Mbawa salemera kwambiri, sauma mutu pa puleni, amagwira guluu bwino, ndipo akauma sasunthasuntha. Amathekanso kukhala nkhope. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 kampani ya Martin ku Nazareth, Pennsylvania, yakhala ikupanga magitala a mahogany yekhayekha, nkhope yomwe. Mawu ake sakwera ngati a spruce, koma ndi ofunda, ogwirana bwino ndi liwu la munthu woimba.

Mlombwa, uja amakha madzi ofiira ngati magazi akatemedwa, amadziwika ndi chinthu chimodzi chamtengo wapatali: safota kwambiri pouma, ndipo satupa kwambiri kukagwa mvula. Pa msana ndi nthiti, khalidwe limeneli ndi lofunika kuposa kukongola, ngakhale kukongolako alinako. Phingo, yemwe osema ziboliboli amamudziwa bwino, ndi Dalbergia weniweni, m'bale wa rosewood wa ku Brazil. Ndi wolemera moti amamira m'madzi, ndipo kunja amapangira zitoliro zodula za clarinet ndi oboe. Pa gitala safunika wambiri. Kachidutswa kotalika theka la mita n'kokwanira thabwa lodinapo zala, ndipo kena kakang'ono kamakwana chogwirira nsambo cha pankhope. Muwanga ndi tsanya, zomwenso ndi zolimba zedi, zingagwire ntchito yomweyi, bola mukhale ndi nthawi yonola zida pafupipafupi.

Koma mitengo yachilengedweyi ikutha, ndipo apa m'pofunika kunena mosabisa. Mu 2022, pamsonkhano wa CITES ku Panama, mitundu ya mu Africa ya Khaya, Pterocarpus ndi Afzelia inalowa m'kaundula, kutanthauza kuti zipika ndi matabwa a mbawa, mlombwa ndi msambamfumu sizituluka m'dziko popanda chilolezo. Lamulo lathu la zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, silimulola munthu kungolowa m'nkhalango yotetezedwa ndi nkhwangwa. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, ndiye usaganiziridwe n'komwe: pamene anauwerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Wopanga gitala asakhale chifukwa china chogwetsera mtengo. Mbawa ndi mlombwa wabwino kwambiri ali kale m'midzi ndi m'matauni mwathu: m'zitseko zakale, m'mabedi othyoka, m'makabati otayidwa kukhonde, m'mabenchi a tchalitchi amene asinthidwa. Thabwa lotere lauma zaka makumi angapo ndipo lasuntha kale kusuntha kwake konse. Ingosamalani misomali yobisika, chifukwa umodzi wokha umawononga mpeni wa puleni.

Ndiye pali mitengo yobwera yomwe tinaizolowera mpaka kuipeputsa. Sendeleya, amene anadzalidwa m'misewu ndi m'masukulu ambiri, ali m'banja limodzi ndi mbawa, ndiponso ndi Cedrela, mtengo wonunkhira umene amisiri a ku Spain amapangira makosi a magitala. Ndi wopepuka, wofiirira, wosavuta kusema. Malayina ndi woyera, wopepuka, wochedwa kuuma, koma akauma amakhazikika. Ndi woyenera kumuyesa pankhope. Cypress wodzalidwa kumadera okwera ngati Dedza ndi Zomba ndi m'bale wa uja wa flamenco. Paini wa ku Chikangawa amakula msanga, ndiye mizere yake ndi yotalikirana ndipo mfundo ndi zambiri, koma mukafunafuna pamulu mungapeze thabwa lowongoka lopanda mfundo lokwanira timitanda ta m'kati. Bulugama ndi wovuta, amapotoka ndi kung'aluka pouma, ndipo si wa munthu woyamba kumene, ngakhale kuti mu 2022 a Taylor anayamba kupanga magitala ndi mtundu wina wa bulugama wogwetsedwa m'misewu ya m'mizinda ya ku California.

Pofuna kudziwa ngati thabwa lingakhale nkhope, lipaleni lifike mamilimita anayi kapena asanu. Ligwireni ndi zala ziwiri zokha pafupi ndi m'mphepete, motsika pang'ono kuchokera kumutu kwake, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wake. Lilendewere pafupi ndi khutu, ndipo muligogode pakati ndi mfundo ya chala. Thabwa labwino limayankha ndi mawu omveka amene amapitirira kamphindi. Losayenera limangoti phu, n'kutha. Kenako lipindeni pang'ono m'manja, m'litali ndi m'lifupi. Mukufuna lopepuka koma lokana kupindika.

Kuumitsa, kucheka, kupinda

Magitala ambiri opangidwa pakhomo safa chifukwa cha mtundu wa mtengo. Amafa ndi madzi. Thabwa lochokera kwa ocheka limaoneka louma kunja pamene m'kati muli madzi ambiri, ndipo la gitala limafunika kuti chinyezi chake chitsike kufika pa 6 mpaka 8 pa 100 alionse. Amisiri amawerengera chaka chathunthu pa inchi iliyonse ya kuchindikala. Matabwa asanjikidwe pamthunzi podutsa mphepo, motalikirana ndi pansi chifukwa cha chiswe, pakati pake pakhale timitengo tolekanitsa, ndipo kumapeto kwake kupakidwe penti kapena phula kuti kusaume msanga n'kung'aluka. Ngati mulibe chipangizo choyezera chinyezi, sikelo ya m'khitchini ikuthandizani. Yezani kachidutswa sabata iliyonse n'kulemba. Kulemera kukasiya kutsika, thabwalo lafanana ndi mpweya wa m'nyumbamo.

Kachekedwe nako n'kofunika. Yang'anani kumutu kwa thabwa, pamene pamaoneka mizere ya zaka za mtengo. Ngati mizereyo yaima chilili kuchokera pansi kufika pamwamba, thabwalo lachekedwa molunjika pakati pa chipika, ndipo ndi limene mukufuna. Ngati yagona kapena yapanga uta, lidzakhota. Chifukwa chake n'chakuti mtengo umafota pafupifupi kawiri motsata mizere yozungulirayo kuyerekeza ndi modutsa mizereyo. Ocheka matabwa ambiri amacheka mongotsatiza, ndiye pa chipika chilichonse matabwa awiri kapena atatu apakati okha ndi amene amakhala ndi mizere yoima. Sankhani amenewo, n'kuchotsa mtima weniweni wapakati, umene umakonda kung'aluka. Nkhope ndi msana sizifuna thabwa lalikulu, chifukwa chilichonse chimapangidwa ndi zidutswa ziwiri za masentimita pafupifupi 20 m'lifupi, zochekedwa pa thabwa limodzi n'kulumikizidwa pakati.

Ntchito yochititsa mantha kwa woyamba ndi yopinda nthiti, koma zida zake n'zosavuta. Amisiri akale a ku Spain ankapindira pa chitsulo chotenthetsedwa ndi makala, ndipo paipi yachitsulo yonenepa yokhala ndi makala amoto m'kati imagwira ntchito yomweyo. Nthiti zipalidwe zifike mamilimita awiri. Dontho la madzi likagwera papaipi n'kuyamba kudumphadumpha, kutentha kwakwana. Likangouma pomwepo mwakachetechete, dikirani. Nyowetsani thabwa pang'ono, ligonekeni papaipi, ndipo muziligwedeza uku ndi uku mukulipanikiza mofatsa. Poyamba limakana. Nthunzi imatuluka, fungo la mtengo limadzaza chipinda, kenako mumamva m'manja kuti lafewa, ndipo limayamba kutsatira. Pamenepo m'pamene mupinde, osati kale. Mukakakamiza lisanafewe mudzamva kuti thwa, ndipo thabwa latha. Pachiuno pa gitala ndi pamene pamathyoka ambiri, makamaka mbawa wa mizere yolukanalukana. Yeserani pa zidutswa zotsala kaye. Nthiti ikapindika, imangirireni m'chikombole cha maonekedwe a gitala mpaka izizire ndi kuuma.

Kuseri kwa nkhope kumamatidwa timitanda. Torres ankatiyala motambasuka ngati zala za dzanja, ndipo kayalidwe kameneka ndi ka nsambo za nayiloni. Magitala a waya amatsata njira ya C. F. Martin ya m'zaka za m'ma 1840, ya mitanda iwiri yopingasana pansi pa bowo. Kwa woyamba, nayiloni ndi yabwino, chifukwa imakoka ndi makilogalamu pafupifupi 40 okha. Amene akufuna waya aike chitsulo m'kati mwa khosi, ndipo khosilo likhale la zidutswa zitatu zomatidwa pamodzi kuti china chikafuna kukhota, chinzake chichiletse. Guluu woyera wa akalipentala ndi wokwanira, ndipo popanira nkhope ndi msana ku nthiti, malegeni odulidwa ku chubu chakale amagwira mozungulira monse mofanana.

Pali chinthu china chimene mabuku olembedwa kunja sangakuuzeni mwachindunji, chifukwa eni ake amagwirira ntchito m'zipinda zosungidwa pa chinyezi cha 45 mpaka 50 pa 100 chaka chonse. Ife tili ndi Januwale wonyowa ndi Okutobala wouma gwa. Bokosi lomatidwa m'dzinja limatsekeredwa matabwa ali otupa; chilimwe chikafika amafuna kufota, timitanda timawaletsa, ndipo nkhope imang'aluka. Lomatidwa nyengo youma limangotupa pang'ono mvula ikabwera, n'kubwerera. Choncho chekani ndi kupala nthawi iliyonse, koma kumata timitanda ndi kutseka bokosi kudikire mvula itasiya ndithu, kuyambira cha mu Ogasiti.

Chomaliza chimene chimasiyanitsa gitala yoimbika ndi yongokongola ndi malo a mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi tija. Apa diso silithandiza, pamafunika masamu. Tinene kuti nsambo yanu, kuchokera pa fupa la kumutu kufika pa fupa la pankhope, ndi ya mamilimita 650. Gawani 650 ndi 17.817, mupeza 36.5: fureti yoyamba ikhale mamilimita 36.5 kuchokera kumutu. Chotsani 36.5 pa 650, zotsalazo muzigawenso ndi 17.817, mupeza 34.4, womwe ndi mtunda wochokera pa yoyamba kufika pa yachiwiri. Pitirizani chomwecho. Ngati mwawerengera bwino, fureti ya nambala 12 igwera pa 325, pakati penipeni. Fupa la pankhope lisunthidwe mamilimita pafupifupi awiri kumbuyo, chifukwa nsambo ikadinidwa imakungika pang'ono ndipo mawu amakwera. Mafupa awiriwa amasemedwa kuchokera ku fupa la mwendo wa ng'ombe, lowiritsidwa bwino kuti mafuta achoke, kenako n'kuumitsidwa.

Vanishi apakidwe mopyapyala, makamaka pankhope, popeza wochindikala amatsamwitsa mawu. Pomanga nsambo koyamba musazikunge mpaka pamapeto tsiku lomwelo. Zikwezeni pang'onopang'ono, mukuyang'ana khosi ndi chogwirira nsambo ngati sizikunyamuka. Pakatha sabata yezani mpata wa pakati pa nsambo ndi fureti ya nambala 12. Pa nayiloni uzikhala mamilimita atatu ku nsambo yaing'ono ndi anayi ku yaikulu. Ukapitirira apo, chotsani fupa la pankhope, mulikhule kunsi pa sandipepa: kuti mpatawo utsike milimita imodzi, fupalo lichepe mamilimita awiri.